ZA KUSANKHA ZITSULO ZOSADZIRA MITENGO

Phunziro la eni mitengo a m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota

1. Mau oyamba

Inu eni midzi ndi eni minda a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chia kufikira ku Dwangwa, tamvani mau awa onena za mitengo yanu. Kuno kulibe mudzi wopanda mango. Ena ali nayonso mitengo ya malalanje ndi mandimu, ena magwafa, ena mbibu. Mitengo imeneyi ndiyo nkhokwe yaciwiri ya mudzi. Pakuti m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, pamene ufa wacepa m'nyumba zambiri, ana akhuta mango, ndipo amai asenza madengu kunka nao kumseu, napeza ndalama ya mcere, ya sopo ndi ya makope a kusukulu.

Koma taonani umo ambiri acitira nayo. Munthu afuna nkhuni, akwera ndi cikwanje cobuntha, natema nthambi pakati pace. Nthambi nigwa, ning'amba khungwa kufikira pathunthu. Zikapita zaka zinai kapena zisanu, mtengo uja uli ndi mphako, ciswe calowamo, ndipo tsiku lina mwera ukaomba ugwetsa nthambi yaikuru patsindwi la nyumba. Mwini wace nati, Mtengo wakalamba. Iai, sunakalambe, unaphedwa ndi citsulo cosayenera.

Mtengo ukhala masiku ambiri koposa munthu wakuuoka. Mudziwa inu nonse mkuyu uja wa pafupi ndi cipatala ca St Anne's, umene anthu aucha mtengo wa Livingstone, cifukwa David Livingstone anakomana ndi Jumbe patsinde pace m'caka ca 1863. Onse anakhala pamthunzi pace tsiku lija anapita kale, koma mtengo unatsala mibadwo yambiri. Mangonso ali otero. Kwao ndi ku India ndi maiko oyandikana nako, ndipo anafika m'dziko lino ndi amalonda ocokera kunyanja yamcere. Mango amene mudya lero anaoka ndi makolo anu. Amene mudula lero ndi a zidzukulu zanu. Cifukwa cace tiyenera kudziwa citsulo coyenera nthambi iri yonse, ndi kagwiridwe kace.

2. Cifukwa cace tisadza mitengo

Kusadza mtengo sikuli kuutapa nkhuni cabe. Tisadza pa zifukwa zisanu.

Coyamba, kucotsa nthambi zouma, zothyoka ndi zodwala, kuti kubvunda kungalowe m'thunthu.

Caciwiri, kulowetsa dzuwa ndi mphepo m'kati mwa mtengo. Kuno kunyanja kuli kutentha ndi cinyezi, ndipo nthenda ija yoika ufa woyera pamaluwa a mango ndi mbibu, ndi inzace yoika madontho akuda pazipatso, zikula msanga m'mtengo wothithikana.

Cacitatu, kuti mtengo ungatalike kopambana. Zipatso za mtengo wautali azigenda ndi miyala, zigwa zophwanyika, ndipo wogula azikana. Zotsala pansi zibvunda, niziswa nchenche zija zoika mphutsi m'mango. Ananso agwa m'mitengo yotere nathyoka manja.

Cacinai, kulera mtengo ukali waung'ono. Akuru anati, Kuongola mtengo mpoyamba. Mango wooka, akafika msinkhu wa mita 1, mudule nsonga yace, ndipo mwa mphukira zoturuka pamenepo musiye zitatu kapena zinai zoloza mbali zosiyana. Zimenezi zidzakhala mizati ya mtengo masiku ace onse.

Cacisanu, kupeza nkhuni zophikira ndi zowambira nsomba osagwetsa mtengo, ndi osalowa m'nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota, m'mene lamulo liletsa kudula.

3. Umo mtengo utsekera cironda cace

Tisananene za zitsulo, tiyambe tadziwa cinthu cimodzi; pakuti wakudziwa ici adzasankha yekha citsulo cabwino. Cironda ca munthu cipola ndi mnofu watsopano, koma ca mtengo sicitero. Mtengo sungathe kuciritsa pamene pabvulala. Ungochinga pamenepo m'kati kuti kubvunda kungapitirire, numeretsa khungwa latsopano kucokera m'mbali mwa cironda, pang'onopang'ono, kufikira litakomana pakati.

Penyetsani pamene nthambi ituruka m'thunthu. Mudzaona potupa pozungulira, ngati khosi la nthambi. M'khosi limeneli ndimo muli mphamvu ya kutseka cironda. Katswiri wa mitengo wa ku America, dzina lace Alex Shigo, anaceka mitengo yambirimbiri m'litali mwace kuti aone umo kubvunda kuyendera, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anaphunzitsa kuti nthambi iyenera kudulidwa kunja kwa khosi, khosilo nkutsala pamtengo.

Tsono zolakwa zazikuru ziri zitatu. Wina adula mopalira thunthu, nacotsa khosi; cironda cikula, ndipo kubvunda kulowa m'thunthu mwenimweni. Wina asiya citsa cacitali. Khungwa silingathe kucikwera, citsa ciuma, cibvunda, nicikhala khomo la ciswe. Wina atema kambirimbiri ndi citsulo cobuntha. Pamene watemapo pali mikwingwirima ndi ming'alu yosunga madzi a mvula. Cironda cabwino ndico cacing'ono, cosalala, copendekeka pang'ono kuti madzi atsike. Citsulo cabwino ndico cosiya cironda cotere.

Musabvutike ndi kupaka penti, phula kapena oilo wa galimoto pacironda. Zimenezi siziletsa kubvunda, ndipo nthawi zina zisunga cinyezi m'kati. Kudula bwino ndiwo mankhwala.

4. Yesani nthambi, ndipo musankhe citsulo

Lamulo lace ndi ili: kukula kwa nthambi ndiko kusankha citsulo, si mphamvu ya mkono wanu. Kanthambi konga pensulo kafuna mpeni. Nthambi yonga cala cacikuru ca kudzanja, ndiyo ya masentimita 2, ifuna lumo la mitengo. Yonga mpini wa khasu, ya masentimita 4 kapena 5, ifuna lumo la mipini yaitali, kapena maceka. Yoposa pamenepo ifuna maceka okha. Mukakakamiza citsulo cacing'ono pa nthambi yaikuru, muononga ziwiri, citsulo ndi mtengo.

5. Zitsulo ndi nchito zace

Mpeni. Uwu ndiwo woyamba, ndipo uli m'nyumba iri yonse. Mpeni wakuthwa ucotsa mphukira zanthete zoturuka patsinde, usalaza m'mbali mwa cironda ca maceka, ndipo ndiwo wolumikizira mitengo. Mpeni wa mitengo ukhale wa mitengo yokha. Usakhale uja wotumbulira nsomba kapena wosendera cinangwa. Podula gwirani kanthambi ndi dzanja lina m'munsi mwa podulapo, kuti mpeni ukapulumuka ungakomane ndi zala.

Lumo la mitengo. Eni sitolo alicha secateurs. Linayamba kupangidwa ku France kuciyambi kwa zaka za m'ma 1800, ndipo lero ndilo citsulo ca tsiku ndi tsiku ca osunga minda ya zipatso m'maiko onse. Liri la mitundu iwiri. Lina liri ndi mpeni wopitirira pambali pa citsulo cokhota, monga icitira sizasi ya telala. Limeneli lidula mosalala, ndipo ndilo la nthambi zaziwisi. Lina liri ndi mpeni wogwera pa citsulo cathyathyathya. Limeneli lifinya khungwa, ndipo liyenera nthambi zouma zokha. Mukagula limodzi, gulani loyambalo. Podula, mpeni wakuthwa ukhale mbali ya thunthu, citsulo cokhota cikhale mbali ya nthambi yotayika. Cotero kufinya kugwera pa cimene mutaya. Musapotoze lumo m'nthambi. Likakana, tengani maceka.

Lumo la mipini yaitali. Ili lifanana ndi linzace, koma ligwiridwa ndi manja awiri. Mipini yace ionjeza mphamvu, nifikitsa mpeni m'kati mwa mitengo yaminga monga mandimu, osalasa manja. Liri labwino, koma munthu wa ndalama zocepa angathe kukhala wopanda ilo, pakuti maceka agwira nchito yace.

Maceka, amene ambiri awacha sowo. Ici ndico citsulo cosowa m'midzi, ndipo ndico cikadapulumutsa mango ambiri. Koma maceka sali amodzi. A mmisiri wa matabwa ali ndi mano ang'onoang'ono othithikana. M'mtengo wauwisi mano adzala utuci wonyowa, maceka naphatika. Ocekera zitsulo sayenera konse. Osadzira mitengo ali okhota, osongoka kunsonga, a mano akuru otalikirana, ndipo ambiri aceka pokoka, si pokankha. Cotero sapindika, ndipo alowa m'mphanda yopapatiza. Alinso maceka a uta, a lupanga losinthika. Awa aceka msanga nthambi zazikuru ndi nkhuni, koma uta wace ucepetsa malo pakati pa nthambi. Pogula lupanga lace funsani la mitengo yaiwisi, la mipata yaikuru pakati pa mano.

Maceka a pansungwi. Tengani maceka okhota, muwamange kolimba ndi waya kapena mphira kunsonga ya nsungwi youma, yoongoka, ya mamita 3 kapena 4. Ndi amenewa mudzaceka nthambi zam'mwamba muli ciimire pansi. Musaime pansi penipeni pa nthambi, koma pambali. Ndipo musayese nthambi yoposa mkono wa munthu kukula kwace.

Cikwanje. Sitinena kuti mucitaye, pakuti ciri ndi nchito zace. Ndico codulira gliricidia m'minda, pa msinkhu wa masentimita 30 kucokera pansi, kuti aphukenso masamba okwirira m'nthaka. Ndico copatulira mphukira za pazitsa za mombo ndi mitengo yina ya m'chire, posiya ziwiri kapena zitatu zoongoka kuti zikule. Njira imeneyi ya kulera zitsa zophuka anailimbikitsa Tony Rinaudo m'dziko la Niger kuyambira 1983, ndipo alimi a kumeneko anabweza mitengo m'minda mwao ndi zitsulo za pamudzi zomwezi. Cikwanje cikhale cakuthwa ndithu, ndipo muteme cokweza, kucokera pansi pa mphukira, kuti khungwa lingang'ambike cotsika. Koma pa nthambi zazikuru za mango, malalanje ndi mbibu, cikwanje cisakwere.

Nkhwangwa ndi nsompho. Nkhwangwa ndi yogwetsera ndi yowazira nkhuni. Nsompho ndi yosemera bwato ndi mtondo. Ziwirizi zigwire nthambi itagwa pansi, si iri pamtengo.

Makina ocekera a petulo. Awa aceka m'kamphindi, ndipo cifukwa ca ici aononga m'kamphindi. Ali a munthu wophunzira kagwiridwe kace. Wosaphunzira asakwere nao m'mtengo, kapena pamakwerero.

6. Zoyang'anira pogula

Musagule citsulo cifukwa ca utoto wa mpini wace. Citengeni m'manja, nimuciyese.

Lumo litseguke ndi kutsekeka mosabvuta, osagwedera. Pakati pace pakhale nati yomangika, kuti likakhwepa mulimange. Penyani ngati kawaya kolitsegula kali kolimba, ndi ngati kotsekera kagwira. Likwane dzanja la wakuligwira. La bambo wa dzanja lalikuru litopetsa mai kapena mnyamata. Pemphani kudula nalo kanthambi kakawisi: likasiya khungwa lolendewera, lisiyeni m'sitolo momwemo.

Maceka akhale oongoka mukawapenya m'litali, mano onse alipo, mpini wosagwedera. Ena ali ndi mano oumitsidwa kunsonga, ooneka akuda. Amenewa akhala akuthwa nthawi yaitali, koma akabuntha tupa siwagwira, ndipo pafunika lupanga latsopano. Ngati mukhala kutali ndi sitolo, sankhani onoleka ndi tupa.

Cikwanje ndi mpeni muyang'ane polowa citsulo m'mpini, pakuti ndipo pathyoka. Wosula wa pamudzi angathe kukusulirani mpeni wokhota wabwino ndi citsulo ca sipuling'i ya galimoto, ndipo ukaguluka mudziwa kopita nao.

Citsulo cochipa cothyoka caka comweco cidya ndalama koposa cokwera mtengo cokhala zaka khumi. Ngati ndalama ikwanira cinthu cimodzi cokha, yambani ndi maceka okhota, popeza mpeni ndi cikwanje muli nazo kale. Caka cinzace mugule lumo. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

7. Kadulidwe ka nthambi yaikuru

Nthambi yolemera isadulidwe kamodzi. Ikatero igwa isanaduke yonse, nisenda khungwa la thunthu. Cekani katatu.

Koyamba, cekani kunsi kwa nthambi, masentimita 30 kucokera pathunthu, cokweza, kufikira limodzi la magawo atatu a kunenepa kwace. Lekani maceka asanaphatike.

Kaciwiri, cekani pamwamba, patsogolo pang'ono pa poyamba paja, kulinga kunsonga, kufikira nthambi itagwa. Khungwa likayamba kung'ambika lilekeza pa mceko woyamba.

Kacitatu, cotsani citsa cotsala, kunja kwa khosi la nthambi, mutacigwira ndi dzanja kuti cingathyoke cokha. Salazani m'mbali ndi mpeni.

Kadulidwe komweka kafunika pamene mufuna kusandutsa mango wakale, pomdula nthambi ndi kulumikiza pa mphukira zace mitundu yonga Kent, Keitt kapena Tommy Atkins. Pamenepo musiye nthambi imodzi ya masamba kuti idyetse mizu, ndipo pa khungwa limene linazolowera mthunzi mupake laimu wosungunula m'madzi, kuti dzuwa la kunyanja lingaliwaule.

8. Kusunga zitsulo

Kunola. Citsulo cobuntha citopetsa mkono, cipulumuka, nicibvulaza mwini wace. Cikwanje munole ndi tupa kapena pamwala. Mpeni wa lumo uli wopendekeka mbali imodzi yokha; nolani mbali yomweyo ndi kamwala kosalala, ndipo mbali yathyathyathya mungoipukuta, pakuti mukainola lumo lidzasiya mpata nilidzatafuna nthambi. Musagoneke zitsulo pamcenga. Mcenga ulowa m'nati, nudya mano.

Kutsuka. Utomoni wa mango ukakamira pacitsulo. Ucotseni tsiku lomwelo ndi kansaru konyika m'parafini. Mukatha, umitsani, pakani mafuta pang'ono, nimupacike m'nyumba pouma. Mpweya wa kunyanja ubala dzimbiri msanga, makamaka m'dzinja.

Kupha matenda. Nthenda zina za mitengo ziyenda pacitsulo, kucoka pamtengo wodwala kunka pa wamoyo. Ku Uganda, kuyambira 2001, nthenda yofotetsa nthoci inaononga minda yambiri, ndipo imodzi ya njira zace inali zikwanje zosatsuka. Cifukwa cace yambani ndi mitengo yamoyo, mutsirize ndi yodwala. Ndipo pocoka pa wodwala pukutani citsulo ndi sipiriti, kapena mucibviike m'madzi a Jik, muyeso 1 wa Jik ku miyeso 9 ya madzi. Jik adya citsulo. Mukatha tsukani ndi madzi, muumitse, mupake mafuta. Lumo ndi maceka musaziike pamoto, pakuti moto ufewetsa mano ace.

Koma si nthenda zonse ziyenda pacitsulo. Cisaka ca nthoci, cimene cinayamba kuoneka m'dziko lino kuno ku Nkhotakota, cakufupi ndi Thiwi, m'caka ca 1994, cifala ndi nsabwe za nthoci ndi ana a nthoci ocokera pa phata lodwala. Cimeneco kudulira sikucithetsa. Phata lonse lizulidwe. Dziwani nthenda musanatenge citsulo, ndipo mukakayika funsani mlangizi.

9. Nyengo yace

Mango acita maluwa m'miyezi yozizira, kuyambira Juni kufikira Ogasiti, ndipo maluwa aturuka kunsonga za nthambi zokhwima. Wosadza m'miyezi imeneyi adula zipatso zace yekha. Nyengo yabwino ndiyo pakutha pa mango, kuti mphukira zatsopano zikhwime cisanu cisanadze. Popeza nyengoyi igwa m'dzinja, sankhani tsiku la dzuwa, mame atauma, kuti zironda ziume msanga. Musazengereze kufikira Epulo. Zengerezu adalinda kwaukwau.

Malalanje ndi mandimu safuna kusadza kwambiri. Mutathyola zipatso cotsani zouma, zopingasana, ndi mphukira zonse zoturuka kunsi kwa polumikiza, pakuti zimenezi ziri za tsinde, ndipo zikakula zipha mtundu wabwino uja munagula. Nthambi youma, yothyoka, kapena yomerapo kamtengo kaja kofesedwa ndi mbalame koyamwa madzi a unzace, icotsedwe mwezi uli wonse.

M'caka cimodzi musacotse koposa limodzi la magawo anai a masamba a mtengo. Masamba ndiwo aphikira mtengo cakudya. Mtengo waukuru wakale muufupikitse m'zaka zitatu, si m'tsiku limodzi.

10. Kupewa ngozi

Musakwere mwera kapena mpoto uli kuomba, kapena khungwa liri lonyowa. Musagwire nchito iyi nokha. Pakhale wina wogwira makwerero ndi woingitsa ana, mbuzi ndi nkhuku. Musakwere ndi citsulo m'manja. Cikwere ndi cingwe mutakhazikika. Yambani mwapenya ngati mulibe njuci, mabvu kapena njoka. Nthambi yogwera kunyumba imangidwe cingwe, nitsitsidwe pang'onopang'ono. Mtengo wofika pa mawaya a magetsi musaukhudze, ngakhale ndi nsungwi. Kauzeni a ESCOM.

Utomoni wa mango ndi wa mbibu uocha khungu, ndipo ukalowa m'maso uwawa kopambana. Bvalani malaya a manja aatali, ndipo ukakugwerani sambani msanga ndi madzi ambiri. Mukadziceka kwambiri, tsukani bala ndi madzi oyera ndi sopo, mumange, nimupite kucipatala tsiku lomwelo, cifukwa ca nthenda ya kafumbata.

Nyerere zofiira zija zosoka masamba pamodzi m'mango ziluma ndithu, koma musaoche zisa zao. Zigwira tizirombo toononga mbibu, nizipitikitsa nchenche za mango. Ndizo alonda osalipidwa. Gwirani nchito m'mamawa zisanacangamuke, ndi kupaka phulusa m'manja ndi m'miyendo.

Kumbukiraninso kuti si mtengo uli wonse uli wanu. Wa m'malire mupangane ndi mnansi wanu. Wa kumanda ndi wa m'nkhalango ya mudzi mupemphe kwa amfumu ndi a komiti, monga mwa mwambo ndi lamulo la nkhalango la 1997.

11. Kugula pamodzi

Wina adzati, Mau awa ali abwino, koma ndalama ndiitenga kuti? Mutu umodzi susenza denga. Mtengo usadzidwa kamodzi pacaka, ndipo sikufunika kuti nyumba iri yonse ikhale ndi maceka ace. Nyumba khumi zisonkhe pa nyengo ya mango kapena ya mpunga, zigule maceka okhota awiri, malumo awiri, tupa ndi kamwala konolera. Musankhe munthu mmodzi wokhulupirika wosunga, akhale ndi kope lolembamo wotenga ndi tsiku lace. Pangano likhale lotere: citsulo cibwere dzuwa lisanalowe, cotsuka ndi copaka mafuta, cisabwerekedwe kukaceka matabwa, misomali kapena mafupa, wothyola mwa kusasamala alipe. Ndipo muitane mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango, kuti asadze mtengo umodzi pamaso pa onse, amuna ndi akazi, anyamata ndi atsikana. Pakuti dzanja liphunzira ndi maso koposa ndi makutu.

Caka ndi caka, kuyambira pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, dziko lathu liri pa nyengo yobzala mitengo, ndipo nkwabwino ndithu. Koma mbande ya mango yolumikiza ilinda zaka zitatu kapena zinai isanabale, ndi yofesa ilinda koposa. Pamene mtengo uli pakhomo panu ubala caka cino. Kusunga umene ulipo ndi nchito yofanana ndi kuoka watsopano.

12. Mafunso a pophunzira pamodzi

Wowerenga afunse, ndipo omvera ayankhe ali patsinde pa mtengo, akuloza ndi cala.

1. Chulani zifukwa zisanu za kusadza mitengo.
2. Khosi la nthambi liri pati? Cifukwa ninji tilisiya pamtengo?
3. Nthambi yonga mpini wa khasu idulidwa ndi ciani? Nanga yonga ncafu ya munthu?
4. Maceka a mmisiri wa matabwa alephera bwanji m'mtengo wauwisi?
5. Pa miceko itatu ija, woyamba uli pati, ndipo uletsa ciani?
6. Cikwanje ciyenera nchito ziti, ndipo siciyenera ziti?
7. Mango asadzidwa mwezi uti, ndipo cifukwa ninji si m'Julayi?
8. Mutsuka bwanji citsulo pocoka pamtengo wodwala?

Mutatha kuyankha, yendani m'mudzi mwanu, muwerenge mitengo ya zitsa zobvunda ndi ya makungwa ong'ambika. Musankhepo itatu yoyamba kuikonza pakutha pa mango a caka cino, nimupangane tsiku losonkha ndalama ya maceka.